Kuchoka pa Mphasa Kufika pa Ndalema

M'nyumba zakale za ku Area 12, zija zili m'mipanda ikuluikulu ya mitengo ndi kapinga, pakhonde lakuseri sipalephera kupezeka mpando umodzi wolemera umene eni nyumba anautulutsa pabalaza atagula sofa. Kawirikawiri umakhala wa mbawa, wofiirira moderako, wa mikono yotambalala yoti n'kuikapo kapu ya tiyi. Khushoni yake inatha kalekale, ndipo usiku amakhalirapo ndi alonda. Munthu akautembenuza miyendo m'mwamba aona ntchito imene amisiri ambiri a lero anaisiya: mulibe msomali ngakhale umodzi. Thabwa lililonse analisema kumapeto n'kulilowetsa m'bowo la linzake, kenako n'kukhomerapo kachikhomo kamtengo. Mipando ina yotere yadutsa zaka 60, ina 80, koma sigwedera.

Mwini wake atafuna kuupereka kuti usungidwe, mu Lilongwe muno alibe kopita nawo. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zodziwika zili ku Chichiri mu Blantyre, ku Mangochi, ku Mzuzu, ku Karonga, ndi ku Namaka kumene kuli ya zamtengatenga. Likulu la dziko, chisamukire kuno mu 1975, lilibe yakeyake yonga ya ku Chichiri. Ndiye mbiri ya mpando wa ku Malawi yatsalira pamakhonde, m'magalaja ndi m'tizipinda ta kuseri kwa matchalitchi akale.

Makolo akale sankadalira mpando. David Livingstone atayenda pakati pa Amang'anja kumapiri a Shire mu 1859 analemba za bwalo, malo osesedwa bwino patsinde pa mtengo waukulu, pomwe alendo ankawayalira mphasa. Mfumu inkabwera ndi nduna zake n'kukhala pansi pomwepo, nkhani n'kuyamba ndi kuomba m'manja. Ulemu wa munthu unkaonekera pa chimene amuyalira: mphasa yatsopano ya bango, mkeka wa mlaza, kapena chikopa. Cha kambuku ndi cha mkango chinali cha mafumu, ndipo mlenje akapha zilombozi ankakatula chikopacho kwa eni dziko.

Mpando unalipo ndithu, koma waufupi wosafika m'mawondo, wosemedwa kuchokera ku chipika chimodzi. Ankausema ndi yemwe uja wosema mitondo, ng'oma ndi mabwato, ndipo zida zake zinali nkhwangwa, kasemasema ndi sompho. Luso lake linali lochotsa: kusema, kugoba, kupala, mpaka mpandowo utuluke m'chipikamo wathunthu, miyendo ndi pokhalira zili mtengo umodzi. Popeza macheka kunalibe, matabwa kunalibenso, ndipo popanda thabwa palibe choti munthu alumikize. Kusiyana kwa mpando wa makolo ndi wa masiku a mishoni kwagona pamenepa, pa macheka.

Nkhani ya woyenera kukhalapo inali yodziwika kwa aliyense. Mpando wa bambo mwana sankaukhudza. Mkamwini wanzeru akafika kwa apongozi ankanjuta chapatali, osadikira kuti wina amutengere pokhala. Mpaka lero m'midzi ya kwa Chadza kapena kwa Kalolo, mlendo wamwamuna akangotulukira mwana amathamangira m'nyumba kukatenga mpando, pomwe mlendo wamkazi amamuyalira mkeka, ngakhale akhale ndiye wabweretsa thumba la shuga.

Kwa anansi ena zinthu zinayenda mosiyana. Achokwe a ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia anaona mipando ya Apwitikizi, yotsamira, yokutidwa ndi chikopa, n'kuitengera. Koma pamitanda ya pakati pa miyendo anasemapo tianthu: oimba ng'oma, anyamata a kuchinamwali, amalonda, mayi ndi mwana wake. Mipando imeneyo lero ndi chuma cha nyumba zosungiramo zakale ku Tervuren m'dziko la Belgium ndi ku Dundo ku Angola. Kugombe la nyanja yamchere, ku Lamu, ku Mombasa ndi ku Zanzibar, Aswahili anali ndi kiti cha enzi, mpando wautali wa mtengo wakuda, wokongoletsedwa ndi minyanga kapena mafupa, pokhalira ndi potsamira pali zingwe zoluka, wotheka kuumasula zikhomo n'kuunyamula zidutswazidutswa. Malonda a ku Zanzibar anafika ku Nkhotakota ndi Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, m'ma 1840, koma mpando wa mtundu umenewo sunafale kumtunda kuno. Atonga a m'chigwa cha Zambezi anakhalabe ndi timipando tawo ta chipika chimodzi, ndipo tambiri tinagwa m'manja mwa amalonda a zakale pambuyo pa msamuko umene damu la Kariba linabweretsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Za ku Nyasaland zimene zinapita ku Scotland zinali zolowa m'bokosi la mmishonale: mikanda, mikondo, zishango, mitsamiro ya Angoni, zipande, ndi magoli a akapolo oti akaonetse kumipingo kwawo. Kampando kakuda ndi utsi ka pabwalo ambiri anakadutsa. Kotsala kanadyedwa ndi chiswe.

Macheka anabwera ndi mishoni, ndipo anabwera ndi munthu wodziwa kuwagwira. Robert Laws, amene anthu amamukumbukira ngati dotolo ndi mbusa, anali mwana wa mmisiri wa mipando ndi makabati wa ku Aberdeen, ndipo iyenso anayamba waphunzira ntchito yomweyo asanapite ku sukulu ya udotolo. M'gulu limene linafika ku Cape Maclear mu 1875 munalinso kalipentala, George Johnston. Chaka chotsatira kunabwera anyamata anayi Achixhosa ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo mmodzi wa iwo, Mapassa Ntintili, anali mmisiri wa ngolo. Mishoni ya Livingstonia itakwera ku Khondowe mu 1894, Laws anaika ukalipentala pamodzi ndi uphunzitsi, ntchito yosindikiza mabuku ndi zomangamanga pa Overtoun Institution. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891, chinali sukulu pachokha, ndipo mu 1909 kunatsegulidwa Henry Henderson Institute. M'chigawo chapakati ntchitoyi inalowera ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896 ndi amishoni a Dutch Reformed, kenako ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni mu 1903 ndi ansembe a White Fathers.

Thabwa lenilenilo linkayambira m'dzenje. Ankakumba dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, n'kugoneka chipika pamwamba pake. Mzere ankaulemba ndi chingwe chonyika m'makala osinja: kuchikoka, kuchinyamula pakati, kuchisiya kuti chimenye mtengo. Munthu mmodzi ankaima pamwamba kuwongolera macheka, mnzake ali pansi kukoka, utuchi ukumugwera m'maso tsiku lonse. Ocheka matabwa m'nkhalango zina akuchitabe chimodzimodzi. Matabwawo sankawagwiritsa ntchito pompo. Ankawasanja pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa, miyezi ingapo kapena kupitirira chaka, chifukwa thabwa laliwisi limafota likauma, ndipo likafota molumikiza monse mumamasuka.

Misomali inali yodula. Inkachokera kutsidya la nyanja, kukwera Zambezi ndi Shire pasitima, kenako pamitu ya amtengatenga. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo kuchoka kumeneko kufika ku Nkhoma kapena ku Khondowe unali ulendo winanso. Mnyamata wophunzira ukalipentala ankayamba ndi kunola tchizulo ndi kupala thabwa mpaka liwongoke, kenako kuboola bowo la ngodya zinayi m'mwendo wa mpando ndi kusema mutu wa mtanda kuti ulowemo mothina, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Guluu anali wa zikopa ndi ziboda, wophika pamoto. Akalumikiza ankaboola chopingasa n'kukhomera chikhomo. Amisiri ochenjera ankapatutsako pang'ono kabowo ka m'kati, kuti chikhomo polowa chizikoka mtanda n'kuumangitsa ku mwendo. Ndi chifukwa chake mpando wotere umapirira ngakhale guluu atatha mphamvu: ukugwidwa ndi mtengo womwewo, osati ndi chitsulo chochita dzimbiri nthawi ya dzinja.

Zoyamba kupangidwa zinali zitseko, mawindo, mabenchi ndi maguwa. Mpando wotsamira unali wa m'nyumba ya mzungu ndi wa patsogolo m'tchalitchi. Komabe anyamata amene anatsiriza maphunzirowo sanakhale pamishoni onse. Ambiri anapita ku migodi ya ku Northern Rhodesia ndi ku Katanga, ku Tanganyika, ku Salisbury ndi ku Joni, kumene kalipentala wa ku Nyasaland ankafunidwa. Ena anabwerera kumudzi n'kuika benchi yawo yopalira pansi pa mtengo wa mango.

Boma la atsamunda linabweretsa mtundu wina. Nthambi ya ntchito za boma, PWD, inkaika katundu m'nyumba za mabwana: mabedi, matebulo, makabati ndi mipando, zonse zolembedwa m'kaundula wa nyumbayo, kotero kuti DC akasamutsidwa ankanyamula makatani ndi mbale zake, mipando n'kutsalira womulowa m'malo. Mpando wa pabalaza wofala kwambiri unali uja amautcha Morris. Unachokera ku England m'ma 1860, pomwe kampani ya William Morris inatenga mpando wa kalipentala wina wa ku Sussex, Philip Webb n'kuukonzanso. Potsamira pake pamasuntha: kumbuyo kuli kandodo kamene munthu amakasunthira m'timipata kuti akhale chilili kapena chogonera. Utafika ku Africa unavula zokongoletsa zonse n'kutsala matabwa oongoka ndi makhushoni awiri, ndipo unafalikira kuyambira ku Kenya mpaka ku Rhodesia. Ndi mpando wosanyada, ndipo m'maonekedwe umaposa masofa ambiri onenepa amene anaulanda malo.

Wa anthu wamba unali ndalema. Kholo lake ndi mpando wopinda wa pasitima zapamadzi: timatabwa topingasana, nsalu yolimba kapena chiguduli pakati, ndi mano kumbuyo osinthira kagonedwe. Sunkafuna matabwa ambiri, ndipo kalipentala wa pamudzi ankaumaliza osachedwa. Unasanduka mpando wa aphunzitsi, wa akalaliki a kwa mfumu, ndi wa abambo obwera ku Joni ndi njinga, galamafoni ndi sutikesi ya malata. Bambo wogonera pa ndalema pakhonde madzulo, wailesi ili pambali, anali munthu woti anayendako, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Lilongwe inalandira zonsezi mochedwerako. Boma linakhazikitsidwa m'mbali mwa mtsinje mu 1904, amalonda Achimwenye n'kutsata, ndipo fodya wa m'ma 1920 ndiye anakulitsa katauni kamene lero timati Old Town. Kusintha kwakukulu kunadza pamene bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndi ngongole yochokera ku South Africa, kuti limange likulu latsopano. Mu 1975 likulu linachoka ku Zomba. Area 12, pamodzi ndi Area 10 ndi Area 43, anaikonzera akuluakulu a boma, akazembe ndi mabwana a makampani, pafupi ndi Capital Hill ndi City Centre. Anthu posamuka anasamuka ndi katundu, ndipo pamalole ochokera ku Zomba ndi ku Blantyre panakwera mipando yoposa msinkhu nyumba zimene inkalowamo. Ina inachokera chapafupi, ku Namitete panjira ya ku Mchinji, kumene sukulu ya ntchito zamanja ya Akatolika inatchuka ndi matebulo ndi mipando yosatha msanga.

Mtengo uliwonse unali ndi ntchito yake. Mbawa, wa m'mphepete mwa mitsinje, umapereka matabwa otambalala, osavuta kupala, ofiira akamakalamba. Mlombwa ndiwo amisiri amaukonda koposa, chifukwa ukauma supindika kapena kufota kwenikweni, chiswe chimauzemba, ndipo mizere yake yagolide ndi yofiirira sifuna zokometsera. Phingo ndi wolimba ndi wolemera, koma sukula mokwanira kutulutsa matabwa aakulu, ndiye unatsalira osema ziboliboli. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, wonunkhira, wosafumbwa, unapita m'madenga, m'zitseko ndi m'mabokosi osungiramo zovala. Unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma ulemuwo sunauteteze: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Dzalanyama, nkhalango imene inatetezedwa mu 1922 ndipo ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe, yakhala ikuthera m'matumba a makala. Kalipentala wa lero amagwira paini wa ku Chikangawa, bulugama ndi malaina, ndipo akapeza thabwa la mlombwa safunsa kwambiri kumene lachokera.

Mlendo wofuna mpando wa Chimalawi amamulozera pa positi ofesi ya ku Old Town, pomwe ogulitsa ziboliboli amayala katundu wawo. Pamenepo pali umene amautcha mpando wa mfumu. Ndi matabwa awiri okha. Lalitali ndi lotsamira, lili ndi bowo chakumunsi. Lalifupi ndi pokhalira, lili ndi mchira wolowa m'bowomo n'kukagunda pansi kumbuyo. Palibe guluu, palibe chikhomo, ndipo munthu akakhalapo kulemera kwake ndiko kumaumanga. Akafuna kunyamula amangosolola, matabwa awiri aja n'kugona pamodzi. Pathabwa lotsamira amasemapo njovu, mvuu, mlambe, asodzi m'bwato, amayi akusinja. Osema ambiri ali cha ku Liwonde ndi m'madera a kunyanja. Ntchito yake ina ndi yogometsa, ina ndi yothamangira, yodetsedwa ndi polishi wa nsapato kuti ioneke ngati phingo.

Dzinalo n'lokometsera malonda. Mipando ya matabwa awiri yotere imapezekanso kumadzulo kwa Africa, ndipo poti imafuna thabwa lotambalala, yafala m'nthawi ya macheka ndi ya alendo odzaona dziko. Pa mwambo wolonga ufumu lero, gogo chalo amakhala pa sofa yonyamulidwa kuchokera m'nyumba, nduna zili pamipando ya pulasitiki yobwereka kutchalitchi. Izi sizichotsa luso la osemawo. Zimangosonyeza kuti mpando umene dziko lakunja limaudziwa ngati wa mafumu a ku Malawi uli ndi mbiri yakeyake, ya m'mbali mwa msewu, imene palibe anailondola bwinobwino.

Winanso wotchuka kunja ndi woluka ndi nsungwi pa mafelemu a mtengo, wozungulira kumsana, umene m'masitolo a ku Cape Town ndi ku Ulaya amangouti mpando wa ku Malawi. Kuno umagulitsidwa pamsewu, ndipo mvula ikaupeza panja kawiri katatu watha.

Amisiri a mumzinda muno anadutsanso m'nyengo yowawa. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika poipa, mashedi ambiri a cha ku Mchesi ndi ku Biwi anasiya mipando n'kuyamba mabokosi a maliro, chifukwa ndiwo ankayenda malonda tsiku ndi tsiku. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, maliro anachepa, ndipo m'mbali mwa msewu munabwereranso mabedi, makabati ndi masofa. Koma anyamata ophunzira ntchito m'zaka zimenezo anazolowera liwiro. Sofa ya lero mkati mwake ndi paini wosauma wokhomedwa ndi misomali, pamwamba siponji ndi nsalu yonyezimira. Wogula amasankha nsalu, za mkati saziona. Mmisiri naye sangaimbidwe mlandu yekha: kuboola ndi kusema malumikizidwe a mpando umodzi kumadya nthawi imene angakhomere mipando ingapo, ndipo kasitomala wolipira nthawi imeneyo ndi wosowa.

Nyumba zosungiramo zakale zimene dziko lili nazo zinaika mtima pa zina. Ya ku Chichiri, imene inayambira ku Mandala House isanalowe m'nyumba yake mu 1966, anthu amaikumbukira ndi sitima ya malasha, basi yakale ndi galimoto yozimitsa moto zimene zili panja. Mandala House yomweyo, yomangidwa mu 1882, ndi Stone House ya ku Livingstonia, imene inali nyumba ya Laws, ndi malo amene munthu angaoneko ntchito ya matabwa ya nthawi imeneyo ili pamalo pake. Chitsanzo cha zimene zingatheke chili ku Mua. Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, n'kuphunzitsa osema amene ntchito zawo zili m'matchalitchi ambiri, ndipo m'nyumba ya Chamare anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, chilichonse ndi dzina lake, kochokera ndi tanthauzo lake. Chimene chimasandutsa chinthu chakale kukhala mbiri ndi kulemba kumeneko. Mpando sunapezebe munthu wouchitira zotere.

Ntchito yake si yodula kwenikweni. Osunga zakale akalandira mpando amaupatsa nambala, amaujambula mbali zonse ndi kunsi komwe, amalemba mtengo wake, muyeso wake, amene anaupanga ndi manja onse amene wadutsamo. Ukakhala ndi tizilombo toboola amaukulunga m'pulasitiki n'kuuika mozizira kwambiri masiku angapo. Chimene sachita ndi chimene eni mipando ambiri a mumzinda muno amathamangira: kuupala ndi sandipepa mpaka uyere, n'kuuthira vanishi wonyezimira. Sandipepayo amafafaniza mikwasa ya puleni ya pamanja, nambala ya kaundula wa boma ngati inalembedwa kunsi, ndi kusalala kwa pamikono kumene kumasonyeza zaka. Pa malonda a zinthu zakale, chinthu chimayesedwa chakale ndithu chikakwana zaka 100, ndipo mipando ya m'mashedi a mishoni ya m'ma 1920 yafika kale pamenepo. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale la mu 1990 limaletsa kutulutsa zinthu zotere m'dziko popanda chilolezo, koma mpando wopanda pepala lililonse wapakasitomu amangouona ngati katundu wa m'nyumba.

Ku Area 12 ndi ku Area 10 katundu amasintha manja kwambiri akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akamatsiriza nthawi yawo, kapena banja likamagawana za malemu. Firiji, jenereta ndi sofa zimapita tsiku loyamba. Mpando wakale umatsalira kumapeto, ndipo ogula ake ndi a mitundu iwiri. Ena ndi odziwa mtengo wake, amene amaulongedza m'kontena ya ku Johannesburg kapena kutsidya la nyanja. Ena ndi amisiri a kumashedi, amene amaona mbawa youma bwino yosapezekanso pamsika wa matabwa: amagulula zikhomo, n'kucheka mikono ndi miyendo ija kukhala mafelemu a zithunzi ndi miyendo ya timatebulo ta pabalaza.